CIBVUNDIKIRO CIKAKANA KUTSEKA, CENJERANI

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'komboni ya Kanyama, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, laputopu sicilinso cinthu ca anthu olemera okha. Ophunzira a m'makoleji, alembi a mipingo, ndiponso anyamata amene amalembera anthu makalata ofunsira nchito m'tumashopu ta m'mbali mwa mseu wa Los Angeles, onsewa amadalira makina amenewa. Ambiri anagula ogwirapo kale nchito m'tauni, ataunjika ndalama kwa miyezi yambiri.

Koma pali bvuto limene eni ake amaliyesa laling'ono. Cibvundikiro, cimene cimasunga galasi loonerapo, cimayamba kupindika. Potseka, mbali imodzi igona bwino, koma inzace itsala yoyasama, kotero kuti cala cingathe kulowa pampatapo. Ena amangomanga ndi mphira, ena amasanjikapo mabuku olemera usiku wonse kuti ciwongoke. Njira zonse ziwirizi zingathe kuswa galasi, limene ndi cimodzi mwa ziwalo zodula koposa.

ZIFUKWA ZITATU

Cifukwa coyamba ndi mahinjesi. Timasikuluwu tace timagwira m'tizitsulo tokwiriridwa m'pulasitiki. Pfumbi la m'cilimwe likalowamo, kapena cinyezi ca m'dzinja, pamene madzi amasefukira m'Kanyama, cikacititsa dzimbiri, mahinjesi amauma. Munthu akamatsegula mokakamiza, makamaka atagwira pangodya imodzi, pulasitiki ija imang'aluka, ndipo cibvundikiro cimapendekeka.

Caciwiri ndi kanyamulidwe ndi kutentha. Laputopu yopanikizidwa m'cola pamodzi ndi mabuku, mwini wace atakhala mothithikana m'minibasi ya ku City Market, imapindika pang'onopang'ono. M'mwezi wa October, pamene kutentha mu Lusaka kumapitirira madigiri 30, nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka ng'anjo, ndipo guluu wogwira ziwalo zina amafewa.

Cacitatu ndico coopsa. Nthawi zina cibvundikiro cimakhala cabwinobwino, koma cimene catupa ndi batire ya pansi pace. Mabatire a lithium-ion akakalamba, akatenthedwa, kapena akamachajidwa ndi machaja osayenera, mankhwala a m'kati mwace amaonongeka natulutsa mpweya. Batire imafufuma ngati citumbuwa, nikankhira m'mwamba mabatani ndi malo oyendetsapo cala.

Ngoziyi siisankha makina ochipa okha. M'mwezi wa June 2019, kampani ya Apple inaitanitsa malaputopu ena a MacBook Pro a mainchesi 15 kuti iwasinthire mabatire, cifukwa anali kutentha moti akadatha kuyambitsa moto. Nayonso kampani ya HP inaitanitsa mabatire ena mu January 2018.

Anthu a ku Kanyama adzakumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo ZESCO inali kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku. Makina anali kugwira nchito mpaka batire itatheratu, nachajidwanso pakati pa usiku eni ace ali m'tulo, mwina ali pa bedi pamene mpweya sulowa. Khalidwe lotere limafupikitsa moyo wa batire.

MUNGADZIWE BWANJI?

Zimitsani laputopu, muiike pa thebulo losalala. Ngati igwedezeka mukaikhudza, kapena ngati malo oyendetsapo cala atukuka ndipo akana kudinika, kaikirani batire. Koma ngati pansi pali bwino, ndipo mumva kulira kwa "phwa" pafupi ndi ngodya potsegula, bvuto liri pa mahinjesi.

La mahinjesi mmisiri angathe kulikonza mwa kuwamasula pang'ono ndi kulimbitsa pong'alukapo, malinga mupite msanga tinthambo ta galasi tisanaduke. Batire yotupa ilibe mankhwala. Lekani kuichaja tsiku lomwelo. Musaiboole ndi singano poyesa kucotsa mpweya, pakuti ingathe kuyaka pomwepo. Musaitaye m'dzala la zinyalala kumene ana amasewera, kapena pafupi ndi mbaula. Bungwe la Boma loyang'anira zacilengedwe la ZEMA ndilo lingakuuzeni kotaya zinyalala zotere.

Inu amene mufuna kugula, tsegulani ndi kutseka makinawo kangapo pamaso pa wogulitsa, muyang'ane mpata wa mbali zonse ziwiri, ndipo musacoke popanda lisiti. Lamulo loteteza ogula la m'caka ca 2010 linakhazikitsa bungwe la CCPC, kumene munthu wogulitsidwa katundu woonongeka angakadandaule, koma wopanda lisiti amabvutika kupereka umboni.

Potsegula gwirani pakati, dzanja linalo litagwira pansi. M'nyumba ya cipinda cimodzi mmene banja lonse ligona pamodzi, kampata kakang'ono ka pa cibvundikiro nkoyenera kukaonetsa kwa mmisiri kunja kusanade.