Asodzi a ku Lamu ndi doko latsopano

Mlimi amayang'ana mitambo asanabzale. Msodzi wa pa cisumbu ca Lamu, m'dziko la Kenya, amayang'ana mphepo, cifukwa ngalawa yake yamatabwa, imene pa Ciswahili amati mashua, imakankhidwa ndi thanga la ngodya zitatu. Zikuluzikulu zonyamula katundu amati jahazi, ndipo amisiri a m'mudzi wa Matondoni akali kuzikhoma pamanja.

Kuyambira Disembala mpaka Malici kumaomba kaskazi, mphepo ya kumpoto. Nyanja imadekha, nsomba zimadzaza gombe, abulu n'kumapita nazo m'tauni, pakuti tinjira ta kumeneko n'topanikiza, galimoto singadutse. Ikabwera kusi, mbale wake wa mwera, mafunde amakula ndipo ambiri amakhala kumtunda kusoka maukonde. Imeneyo ndiyo nyengo yao ya njala, monga Januwale kwa ife.

Ngalawa zotere sizipita kutali ndi gombe, ndipo vuto lagona pamenepo. Pomanga doko la sitima zikuluzikulu ku Manda Bay, limene linatsegulidwa mu 2021, anakumba pansi pa nyanja ndi kudula mitengo ya mikoko, momwe nsomba zimaswanirana. Amene analandidwapo munda akudziwa kuwawa kwake.

Asodziwo sanangokhala. Mu 2018 khoti lalikulu la Kenya linalamula kuti asodzi 4,600 alipiridwe mashilingi 1.76 biliyoni, ponena kuti boma silinawafunse mokwanira lisanayambe kumanga. Komabe panapita zaka asanaione ndalamayo.