Ntchito ya Mpingo Ikatsamira pa Munthu Mmodzi

Kuyambitsa ntchito ya mpingo kumafuna changu, koma kuisunga kuti isazilale woiyambitsa atachoka kumafuna nzeru zina. Mbiri ya Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ili ndi umboni wa zimenezi.

M'chaka cha 1861 amishoni a U.M.C.A. anakwera mtsinje wa Shire motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, nakamanga ku Magomero. Mitima yao inali yotentha, koma onse ankayang'ana kwa iye. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira m'Shire. Otsalawo anatsikira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, kumene chilala, njala ndi matenda zinawapanikiza. Henry Scudamore ndi Dokotala John Dickinson anamwalira komweko mu 1863, ndipo mu 1864 Bishopu William Tozer anasamutsira mishoniyo ku Zanzibar. N'kosayenera kuwadzudzula kwambiri, pakuti nthaŵi inali yochepa ndi yoŵaŵa. Komabe eni dziko anali asanaphunzitsidwe kutsogolera, motero alendowo pochoka, ntchito inapita nao.

Patapita zaka zoposa 100, Mpingo wa Katolika unayenda njira ina. Dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ansembe anali oŵerengeka pamene midzi inali yotalikirana. Pa misonkhano yao ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976, maepiskopi a maiko a kum'maŵa kwa Africa anagwirizana kuti moyo wa mpingo uzikike m'timagulu ta akhristu oyandikana nyumba. Timaguluti ndito miphakati, imene ena amaitcha malimana.

Mphamvu ya mphakati yagona pa kuchepa kwake. Anthu ake amadziŵana, kotero wina akajomba kumapemphero, anzake amakamuyendera sabata lisanathe. Ntchito imagaŵidwa: wina aŵerenga mau a Mulungu, wina asonkhanitsa mtulo, amai ena azonda odwala ndi kuthandiza pamaliro. Munthu amene wapatsidwa kantchito kakekake safulumira kugwa mphwayi. Vuto limadza wapampando akakhalitsa, nayamba kuuyesa mphakati ngati munda wake. Apo achinyamata amangoonerera, kenaka amaleka kubwera. N'chifukwa chake chisankho cha atsogoleri chiyenera kuchitika pa nyengo yake, ngakhale wapampandoyo akhale wokondedwa.

Episkopi Felix Mkhori atasamutsidwira ku Lilongwe mu 2001, Chikwawa inadikira kufikira 2003 kuti ilandire Episkopi Peter Musikuwa, koma mapemphero a m'midzi sanaime. Chimodzimodzinso madzi akasefukira, monga mu January 2015 pamene dera la Makhanga linasanduka chilumba, wansembe sangaoloke kwa masabata angapo. Pa masiku otero amene amaitana anthu kupemphera, kulemba maina a osoŵa ndi kuika maliro ndi katekisiti pamodzi ndi akuluakulu a mphakati.