Unyolo wa Achimwene: Gawo Lachitatu

Adokotala adafika Lachinayi dzuwa litapendeka, pa njinga yamoto, katoni ya mankhwala atamangirira kumbuyo ndi mphira. Adawalondolera njira ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu, amene ndidawadandaulira tsiku la sikelo ya ana. Amalume adali atakhala kale pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Mwavutikiranji?" adatero amalume malonje asanathe. "Ife tagwirizana kale. Loweruka tikatenga kalata kupolisi, munthuyu apite ku Zomba. Zikakanika kumeneko, kuli sing'anga kutsidya kwa malire, ku Mozambique."

Adokotala sadatsutse. Adangopempha kuti aone wodwalayo.

Achimwene adali kuseri kwa nkhokwe, pomwe tidawamangirira chiswereni mawindo a kutchalitchi atangobwera kuchokera ku Johannesburg. Unyolo wa ngolo udali utadya khungu la pakakolo mpaka kusiya chilonda chonyowa, ntchentche zili piringupiringu. Nsima ya dzulo idali pambali, yosakhudza. Adokotala adanjuta, navula chisoti cha njinga.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Mungandilole ndikhale nanu pang'ono?"

Misozi idalengeza m'maso mwanga. Chiyambireni matendawa, palibe ndi mmodzi yemwe adawapatsapo moni. Tinkakamba za iwo ali pomwepo, wina akuti n'chamba, wina akuti adakhwimira ndalama ku Joni, wina akuti adawalodza anzawo a kuntchito.

Adacheza nthawi yaitali. Adokotala adafunsa za tulo, za malungo, za kukomoka, za mowa ndi chamba, ndipo adafunsanso mosabisa ngati adaganizapo zodzipha. Achimwene adayankha motsitsa mawu kuti usiku amamva anthu akuwanena padenga, ndipo maso saphethira mpaka tambala.

Titabwerera pakhonde, adokotala adalankhula ndi amalume mwaulemu wonse.

"Amalume, alipo odwala ofunikadi kugonekedwa ku Zomba, ndipo timawatumiza. Koma chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo n'chimodzi chomwecho, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje. Tonse tikathamangira kumeneko, adzagona pati? Nanga inu mudzakawaona kangati?"

Adatifotokozera kuti chisanatsegulidwe chipatalacho mu 1953, odwala misala ankasungidwa kundende ya Zomba kuyambira 1910. Lamulo limene tayendera zaka zonsezi adalemba ndi atsamunda mu 1948, ndipo nkhawa yake yaikulu idali mmene munthu angatsekeredwere. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano mu 2025, loika patsogolo ufulu wa wodwala. Adokotalawo adaphunzira kukoleji ya St John of God ku Mzuzu, kuti chithandizochi chizipezeka pachipatala cha paboma ndi kumidzi komwe.

"Lamulo silimwetsa munthu mankhwala," adayankha amalume.

Pamenepo amalume adalasa, ndipo ine ndimawamvetsa. Adokotala omwewo adavomera kuti miyezi ina mafuta a njinga sapezeka, ndipo nthawi zina mankhwala amatha kufamase. Lamulo labwino likapanda ndalama, mtolo umabwerera pamutu pa amayi anga, amene chaka chino sadalime chifukwa cholondera mwana. Komabe mtima wanga sukadalola kuti poyembekezera mafutawo achimwene azivundira kuseri kwa nkhokwe.

Adokotala adatulutsa mapilitsi a chlorpromazine. Adati amagwetsa tulo, amaumitsa kukhosi, ndipo khosi kapena nsagwada zikayamba kuuma tisachedwe kuimba foni. Adati zikayenda bwino m'tsogolo tidzakambirana za jakisoni wa kamodzi pamwezi. Kenaka adachita chinthu chimene amalume sadachiyembekeze: adapita kukafunsa mwini wake.

"Achimwene, mukuvomera kumwa mankhwalawa?"

"Ndikamwa mundimasula?"

"Tikumasulani musanamwe n'komwe."

Kiyi wa loko adali m'thumba mwa amalume, poti eni mbumba ndi iwowo. Adakhala duu, maso ali kuphiri. Apo mpamene amayi, amene chifikireni alendo adali asanatsegule pakamwa, adagwada patsogolo pa mlongo wawo.

"Achimwene, perekani kiyi. Mwanayu ndidabereka ndine."

Amalume adaponya kiyi pansi. "Chikachitika china, ine musandiitane."

Ndidatsegula lokoyo ndekha, manja akunjenjemera. Achimwene adayesa kuimirira koma miyendo idakana, mpaka adokotala adawagwira m'khwapa. Tidatsuka chilonda ndi madzi a mchere, adasamba, nadya nsima ya nkhwani wotendera ali pamphasa imodzi ndi amayi. Adamwa pilitsi pamaso pathu. Alendo asanapite adandilembera nambala yawo pa chikuto cha buku la kuchipatala, ndi tsiku lodzabweranso.

Achimwene adakagona m'gowelo mwawo, chitseko chosakhoma.

Pakati pa usiku ndidadzidzimuka ndi kulira kwa mateyala a ngolo. Agalu adali atauwa kale mudzi wonse. Ndidasuzumira pawindo: ng'ombe ziwiri zili m'goli, amalume ali ndi tochi, pambuyo pawo anyamata atatu osawadziwa, mmodzi atanyamula chingwe. Ndidalumphira foni, koma idali itazima.

"Amalume, mukuwatengera kuti?" ndidakuwa ndikutuluka.

"Bwerera m'nyumba iwe! Kukacha tikhala titawoloka malire."

Anyamata aja adakankha chitseko cha gowelo nalowa. Ndidamva akugubuduza zinthu, tochi ikuyendayenda m'makoma. Kenaka mmodzi adatuluka, bulangete la achimwene lili m'manja.

"Madala, munotu mulibe munthu."

Amayi adatulukira kuchokera kukhitchini akupuma mwabefu.

"Mankhwala aja! Ndidawaika pamwamba pa mtsuko. Paketi yonse palibe!"

Nkhaniyi ipitirira.