Musanagule Jenereta, Yambani Mwawerenga Katundu Wake

Anthu a ku Machinga ndi ku Balaka amakhala pafupi ndi gwero la magetsi a dziko lino. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi a mtsinje wa Shire opita ku makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Komabe kukhala pafupi ndi mtsinje sikunawapulumutse ku mdima. Mu 2017 madzi anachepa ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo a Kapichira, dziko nkutaya mphamvu pafupifupi 130 MW kufikira mu 2023. Chifukwa cha zimenezi eni zigayo, masitolo ndi nyumba zogona alendo ambiri amaganiza zogula jenereta ya dizilo. Tsono funso limene liyenera kuyamba ndi ili: jenereta yaikulu bwanji?

Choyamba, lembani chilichonse chimene chidzadya magetsi: mababu, mafiriji, pampu ya madzi, mota ya chigayo. Pa chipangizo chilichonse pali kachitsulo kapena kapepala konena mphamvu yake. Dziwani kuti 1 hp ndi mawati 746. Dziwaninso kuti majenereta amagulitsidwa mu kVA, koma ntchito yeniyeni imawerengedwa mu kW, ndipo pa makina ambiri a three-phase 10 kVA imapereka 8 kW yokha.

Chachiwiri ndicho chimene chagwetsa ambiri. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa pamene yakhazikika. Taganizani za munthu wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene ali ndi chigayo cha mota ya 20 hp, ndiko kuti pafupifupi 15 kW. Iye nkugula jenereta ya 20 kVA, yopereka 16 kW, poganiza kuti yakwana. Tsiku loyatsa, injini imabuula, mababu nkuthima, chigayo osadzuka, pamene amayi ali pa mzere ndi matumba awo a chimanga. Mota yotere imafuna jenereta yoiposa kawiri kapena katatu, pokhapokha ataiikira choyatsira cha star-delta, chimene chimachepetsa kukoka kwa poyamba kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati ntchito ndi yogaya yokha, injini ya dizilo yoyendetsa chigayo ndi lamba ingathe kukhala yotsika mtengo.

Koma nayonso jenereta yaikulu mopitirira ili ndi tsoka lake. Mwini sitolo amene katundu wake ndi 3 kW akagula ya 30 kVA, injini siitentha mokwanira. Dizilo sapsa yense, mwaye umadzaza m'kati, ndipo mafuta akuda amayamba kudontha pa paipi ya utsi. Amisiri amalangiza kuti injini isamagwire ntchito nthawi yaitali pansi pa magawo 30 pa 100 a mphamvu yake. Pabwino ndi pakati pa 70 ndi 80.

Kumbukiraninso nyengo. M'chigwa cha Shire, mwezi wa October ndi November, kumatentha kwambiri, ndipo injini ikamapuma mpweya wotentha mphamvu yake imatsika. Siyani mpata pa chiwerengero chanu, ndipo ikani makinawo pamalo popita mphepo, kunja kwa nyumba yogona, pakuti utsi wake umapha mwakachetechete.

Potsiriza, musalumikize jenereta ku mawaya a nyumba popanda chosinthira chotchedwa changeover switch. Popanda icho magetsi anu amabwerera m'mawaya a ESCOM, nkupha wantchito amene ali pa polo akuganiza kuti mzerewo ndi wozima. Ntchitoyi ipatseni mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tengani pepala lanu la katundu, mupite nalo kwa mmisiri, ndipo pokhapo mupite kwa wogulitsa.