Kodi mumadziwa kuti mfumu ya ku Kilwa inavula zovala zake n'kupatsa wopemphetsa?

Sultan al-Hasan ibn Sulayman, amene ankalamulira mzinda wa Kilwa Kisiwani m'zaka za m'ma 1300, tsiku lina Lachisanu anapereka kwa munthu wosauka zovala zomwe anavala.

Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco amene anafika ku Kilwa mu 1331, anaona zimenezi ndi maso ake. Mfumuyo ikutuluka mu mzikiti, wosaukayo anaipempha zovalazo. Iyo inalowa m'nyumba ya mlaliki, n'kuvala zina, kenako n'kumupatsa zonse.

Chuma cha mfumuyi chinkachokera ku golide. Kilwa, kachilumba ka kugombe la kum'mwera kwa Tanzania, ndi amene ankalamulira doko la Sofala ku Mozambique, kumene kunkatulukira golide wa ku Zimbabwe. Mfumu yomweyi ndi imene inamanga Husuni Kubwa, chinyumba cha miyala ya m'nyanja cha zipinda zoposa 100, chokhala ndi dziwe losambiramo la mbali 8.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mtima wopatsawu unapita nayo kumanda. Ngakhale kuti panali mwana wake amene anali atasankhidwa kale kudzalowa ufumu, mpando unapita kwa mchimwene wa mfumuyo, Dawud, munthu woumira kwambiri. Alendo ankatha miyezi pakhomo pake n'kubwerera ndi kangachepe, mpaka anthu analeka kupitako.

Mabwinja a Kilwa anaikidwa pa mndandanda wa UNESCO mu 1981.