Rauta ikamadzikonza, musathamangire kuzula pulagi

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu. Mwambiwu ukugwira ntchito ngakhale m'nyumba za makono momwe banja limaonera mpira, makatuni ndi mafilimu kudzera pa intaneti.

Masiku ano mabanja ena ali ndi tizipangizo tolumikiza ku TV monga Fire TV Stick, Chromecast kapena bokosi la Android. Tizipangizoti timadalira Wi-Fi yochokera ku rauta, moti rauta ikangoti zii, chithunzi chimauma pomwepo.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti rauta ili ndi pulogalamu yamkati yotchedwa firmware. Makampani opanga marauta amatulutsa firmware yatsopano nthawi ndi nthawi pofuna kutseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowerapo. Ikalandira pulogalamu yatsopanoyi, rauta imazima n'kuyakanso yokha, ndipo Wi-Fi imasowa kwa mphindi zingapo.

Apa m'pomwe pagona ngozi. Ana akulirira makatuni, bambo mtima uli ku mpira, wina n'kudzuka kukazula pulagi poganiza kuti zinthu ziyenda msanga. Magetsi akaduka pulogalamu isanamalize kulowa, rauta ikhoza kuferatu, banja n'kupisanso m'thumba kukagula ina. Kwa amene amaonetsa mpira polipiritsa pamsika, ndiye kuti ndalama ya Loweruka yapita.

Choncho ngati rauta yanu imakufunsani isanadzikonze, sankhani nthawi yomwe palibe akuonera kanthu. Poti kuno kwathu magetsi amathimathima, ndi bwino kuilumikiza kaye ku invata kapena batire la sola. Ngati ndi MiFi, itchajeni mpaka idzaze. Musanayambe, lembani papepala dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake. Timagetsi ta rauta tikamathwanima, musaikhudze.

Nanga rauta ikayaka koma kanema osabwera? Yang'anani kaye foni. Ngati foni yalumikizika, ndiye kuti Wi-Fi yabwerera. Zulani kachipangizo ka TV kaja, dikirani mphindi imodzi, n'kukabayanso. Zikakanika, lowani pomwe pali mayina a netiweki, fufutani dzina la Wi-Fi yanu, kenako lisankheninso n'kulemba pasiwedi.

Nthawi zina rauta imabwerera ku dzina ndi pasiwedi zomwe idabwera nazo, zolembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Mukabwezeretsa dzina ndi pasiwedi zakale, chilembo ndi chilembo, zipangizo za m'nyumba zimalumikizikanso zokha.

Vuto lina ndi la zipangizo zakale. Marauta ambiri amaulutsa Wi-Fi panjira ziwiri, 2.4GHz ndi 5GHz, koma Chromecast yoyamba ya 2013 imamva 2.4GHz yokha. Komanso chitetezo cha WPA3, chomwe chidabwera mu 2018, zipangizo zina zakale sizichidziwa. Zikatero, pemphani wodziwa za makompyuta aone ngati 2.4GHz ndi yoyatsa, ndipo chitetezo achiike pa WPA2.

Kabowo kolembedwa Reset musakatokose ndi singano chisawawa, chifukwa kamafufuta zonse zomwe mudaikamo. Ndipo ngati bokosi lanu lili ndi polowetsa waya wa intaneti, wayayo amachotsa mavuto a pasiwedi.

Firmware yatsopano musamaikane, chifukwa ndiyo loko wa pakhomo panu pa intaneti. Chachikulu n'kuuza aliyense m'nyumba, kuyambira ana mpaka agogo, kuti rauta ikamadzikonza, pulagi sakhudza.