SINGANO, KAPULANA NDI MWANA WAKHANDA

Mwana akabadwa, mudzi umakondwa. Anthu amabwera ndi ufa, nkhuni ndi sopo, ena kapulana yatsopano. Koma mphatso zimatha. Mayi akatuluka m'chikuta, mwezi ndi kupita, amatsala ndi mwana kumbuyo, khasu m'manja, ndi funso limodzi: kodi mwanayu avala chiyani mwezi wa mawa?

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene ife timaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, ophunzira athu ambiri ndi amayi achitsikana. Amafika pa phunziro masana, atachoka kumunda, atatunga madzi, ataphika. Ena m'thumba la makope amasungamo kansalu ndi singano. Lero tiyeni tikambe za ntchito ya singanoyo.

MWANA SADIKIRA MSIKA

Mwana wobadwa pa nthawi yake amalemera pafupifupi makilogalamu 3. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 50. Akafika miyezi 5 kapena 6, kulemera kwake kumawirikiza kawiri. Akakwanitsa chaka, kumawirikiza katatu, ndipo kutalika kumafika pafupifupi masentimita 75.

Manambala awa akutiuza chiyani? Akutiuza kuti kamalaya kamene kamukwana mwana pa nthawi yopalira sikadzamukwana pa nthawi yokolola. Tsono ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, akagulitsa chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere kapena fodya. Mwana amakula mwezi ndi mwezi, ndalama ilipo kapena palibe.

Wina anena kuti: “Nanga si pamsika wa ku Ulónguè pali kaunjika?” Inde alipo. Kuno kwathu zovala zimenezi timazitchanso calamidade, dzina lochokera m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ndi chilala zinasautsa anthu ndipo zovala zinkabwera ngati thandizo. Ife sitinyoza kaunjika. Juzi yabwino ya mwana imapezeka kumeneko. Koma mayi wodziwa kusoka ndiye amapindula kwambiri pa mulu wa kaunjika. Iye salimbana ndi tizovala ta ana, timene aliyense amathamangira. Amasankha malaya aakulu a munthu wamkulu, a nsalu ya thonje, ndi kukadulamo timalaya tiwiri.

NSALU ITI?

Khungu la mwana ndi lanthete. Limafuna nsalu ya thonje, yofewa, yomwa thukuta. Chifukwa chake kapulana yakale imaposa yatsopano. Yatsopano ndi yolimba, ndipo ina imasuluka. Yakale yachapidwa kambirimbiri, yafewa. Ngati muli ndi yatsopano yokha, ichapeni kawiri musanaidule.

Chenjerani ndi nsalu ya nayiloni. Imaoneka bwino, koma siimwa thukuta, ndipo ikakhudza moto imasungunuka ndi kumata pakhungu. Ana athu amakulira pafupi ndi mafuwa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Kuzindikira nsalu sikuvuta. Sololani kaulusi m'mphepete ndi kukayatsa, kutali ndi mwana. Thonje limapsa ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa. Nayiloni amakhwinyata ndi kusiya kambulu kolimba.

KUYEZA, KUDULA, KUSOKA

Kapulana ndi yotalika pafupifupi mamita 2, ndipo m'lifupi mwake ndi pafupifupi mita imodzi. Imene yakhala mbereko imatha pakati, pamene mwana amakhala, koma m'mbali imakhala idakali yolimba. M'mbalimo ndimo mumatuluka timalaya. Pakati pofewa paja padzakhala thewera. Palibe chotaya.

Yezani mwana malo awiri: kuzungulira chifuwa, ndiponso kuchokera paphewa mpaka pabondo. Lembani manambalawo m'kope. Pa muyezo wa chifuwa onjezani zala zinayi kapena zisanu, kuti mwana apume bwino ndi kukuliramo.

Pindani nsalu pawiri, mupindenso pawiri. Jambulani ndi khala kapena choko theka la kamalaya: thupi ndi dzanja limodzi. Mukadula ndi kutambasula, kamalaya katuluka kofanana mbali zonse, ngati chilembo cha T chimene tinaphunzira. Kenaka dulani khosi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake. Khosi likachepa, kuvala kumakhala kulira kwa tsiku ndi tsiku. Ng'ambani pang'ono kumbuyo kapena paphewa kuti mutu upite bwino.

M'mbali sokani msoko wobwerera m'mbuyo: singano ipite kutsogolo, ibwerere theka, ipitenso. Msoko umenewu umachedwa, koma sumasuka pochapa. Ugonekeni pansi ndi kuusokanso kuti usakande m'khwapa. Mpendero wa m'munsi ukhale waukulu, wa zala zitatu. Mwana akatalika, mudzangomasula mpendero, kamalaya kadzatalika naye.

Mabatani aang'ono ndi mikanda musaike. Mwana amaika chilichonse m'kamwa, ndipo batani limodzi likhoza kumutseka mpweya. Ikani tizingwe tatifupi tomanga paphewa kapena pambali. Chingwe chozungulira khosi ayi. Lasitiki wa kabudula akasiya mzere pamimba, ndiye kuti wathina.

Tiziduswa totsala sokani chipewa. Dziko lathu lino ndi lokwera, limazizira, ndipo mwana wakhanda sachedwa kuzizidwa. Wobadwa wosafika makilogalamu 2 ndi theka amafuna kutentha koposa. Ameneyu kuchipatala amaphunzitsa kumusunga pachifuwa pa mayi, khungu ndi khungu, atavala thewera ndi chipewa basi, kapulana itamangidwa pamwamba. Njira imeneyi amaitcha Mãe Canguru. Inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, m'chaka cha 1978. Bambo nayenso akhoza kumusunga mwana chomwecho, mayi akamapuma.

KUCHAPA NDI KUYANIKA

Matewera asakhale awiri okha. Nthawi ya mvula nsalu siuma msanga, ndipo mwana wokhala m'thewera lonyowa amasupuka. Chapani ndi sopo, tsukuluzani bwino, yanikani pa chingwe, padzuwa. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanayamwitse.

Musayanike pansi kapena pamthunzi. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira m'dothi ndi pa nsalu zonyowa, makamaka zonunkha mkodzo. Mazirawo akaswa, mphutsi zimalowa m'khungu la mwana, ndipo pamatuluka chithupsa chopweteka chokhala ndi kabowo pakati. Ena amati mwana walodzedwa, chonsecho ndi ntchentche. Simbi ya makala imapha mazirawo. Sitani mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Mabanja atatu kapena anayi akhoza kubwerekana simbi imodzi.

KAMALAYA KAMANENA ZOONA

Tsopano tafika pa mfundo imene ife tikufuna kuti muigwire bwino.

Mayi wosokera mwana wake amadziwa thupi la mwanayo ndi manja ake. Anamuyeza yekha. Anaonjeza zala zinayi. Ngati patapita miyezi itatu kamalaya kayamba kuthina, asadandaule ndi ntchito yosokanso, chifukwa mwana akukula. Koma ngati miyezi itatu yapita, kamalaya kadakali kokhwepa monga tsiku loyamba, asanene kuti: “Ndinasoka bwino, kakukhalitsa.” Mwina mwanayo waima kukula.

Pamenepo tengani khadi la mwana la kusikelo. Manambala a pa tepi yoyezera ndi manambala a pa khadi ndi omwe aja timalemba pa bolodi. Pa khadi pali mzere wa kulemera kwa mwana. Mzere ukamakwera, zili bwino. Ukagona, kapena ukatsika, pitani kuchipatala osadikira mwezi wina. Mayi wosadziwa kuwerenga amasunga khadi m'thumba ndi kudikira kuti wina amuuze. Wodziwa kuwerenga amaona yekha, ndipo amafunsa namwino popanda manyazi.

Pa khadi lomwelo pali masiku a katemera. Mwana amalandira katemera atangobadwa, kenaka pa miyezi 2, 3 ndi 4. Wa chikuku amalandira pa miyezi 9, nadzalandiranso pa miyezi 18. Pa miyezi 6 yoyamba chakudya chake ndi bere lokha, popanda madzi kapena phala. Ikatha miyezi 6, muyambitseni phala lothira nsinjiro, koma bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

NTHAWI YOSOKERA ICHOKERA KUTI?

Kamalaya kamodzi kosoka pamanja kamadya madzulo awiri kapena atatu. Mayi amene tsiku lonse ali kumunda, kuchitsime, kunkhuni ndi kuchigayo, adzasoka liti? Ambiri amasoka usiku, pa kuwala kochepa, maso akuwawa.

Pano tikulankhula ndi inu, abambo. Pamakhonde a masitolo, atelala ambiri opalasa makina ndi amuna. Palibe amawaseka. Nanga bwanji pakhomo mumati singano ndi ya akazi, mwana ndi wa akazi, madzi ndi a akazi? Mukapita inu kuchigayo pa njinga, mayi wapeza masana athunthu. Inunso amayi aakulu ndi apongozi, amene manja anu amadziwa msoko kuyambira kale, khalani pamphasa ndi mtsikanayo, mumuonetse. Ena mwa amayi awa anabereka asanakhwime. Lamulo la dziko lathu la chaka cha 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo n'loyenera kulisunga. Koma amene anabereka kale sathandizidwa ndi chitonzo. Muloleni abwere ku phunziro, ndi mwana wake kumbuyo.

Pa phunziro lotsatira, aliyense abwere ndi kapulana yakale, singano, ulusi ndi khadi la mwana. Tepi yoyezera tili nayo imodzi yokha. Tidzadula timizere ta nsalu yoyera, aliyense adzalembepo yekha masentimita kuyambira 1 mpaka 100, kuti apite kunyumba ndi tepi yakeyake.